Wapansi M'nyimbo ya Nambala Seveni

Mkazi wanga Nambewe amakonda nyimbo ya nambala seveni, ndipo ine kwa zaka zingapo ndinkalakalaka nditaponya foni yake m'chitsime. Foniyo ndinagula ndine. Ndinaisankha ndekha m'sitolo ku Kepitauni, n'kuikulunga m'masokosi atsopano, n'kupatsira dalaivala wa basi kuti akaisiye pa Dedza Boma. Ndinkati azimverapo mawu anga Lamlungu lililonse. Iye anaisandutsa yomverapo mwamuna wina, m'mawa ndi masana omwe.

Mwamuna winayo ndi Fabiyano, mnzanga wa kuno ku Kaphuka, amene ndinacheka naye matabwa m'Phiri la Dedza kuyambira tili anyamata. Munthu amene sanachekepo matabwa pamanja sadziwa kuti macheka aakulu aja amakokedwa ndi anthu awiri osafanana. Chipika chimagona pa thandala. Wapamwamba amaima pa chipikapo, kamphepo kakumupita, maso ali pa mzere wakuda umene tinkalemba ndi chingwe chonyika m'makala. Wapansi amaima m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso, m'khosi ndi m'malaya. Macheka amadya mtengo potsika, ndiye kuti wocheka weniweni ndi wapansi, wapamwamba amangokweza ndi kuwongolera. Koma amayi opita kunkhuni akamadutsa, moni amapereka kwa amene akumuona. Ine ndinali wapansi. Fabiyano anali wopepuka thupi, wopepukanso pakamwa, choncho malo ake anali pamwamba.

Tinali ndi nyimbo yathu yokokera macheka. Fabiyano ankaponya mawu alionse amene amubwerera m'mutu, kaya kutukwana mtengo wokanika, kaya kusereula atsikana odutsa. Ine sindikanatsegula pakamwa, utuchi ukanandidzaza, ndiye ndinkayankhira m'chifuwa milomo ili chitsekere, liwu limodzi lakuya nthawi iliyonse ndikakoka. Liwu limenelo silinali lokometsera ayi. Ndilo linkauza wapamwamba nthawi yokweza. Popanda ilo Fabiyano ankathamanga, macheka n'kuphonya mzere.

Mitengo itayamba kuchepa m'phirimo, yotsalayo n'kumadyedwa ndi makina, tinagulitsa macheka athu n'kukatenga mapasipoti. Nambewe anandiperekeza mpaka paboda, mwana wathu Teleza ali kumsana, m'manja muli jumbo ya mbatatesi yophika yowaza mchere. Sanalire. Ndili pawindo la basi ndinamuuza kanthu kena koseketsa, sindikukumbukanso kuti kanali kotani, koma amene ndinaseka kwambiri ndinali ine ndemwe, mpaka kondakitala anati, "Akulu, mukupita ku Joni kapena kuukwati?" Masiku amenewo kuseka kwanga kunkamveka kutsidya kwa dambo.

Ku Kepitauni tinkakhala m'kanyumba ka malata pamchenga, anthu asanu. Mvula ya kumeneko imagwa nthawi yozizira, ndipo imagwa chopingasa, kulowera pansi pa chitseko. Tinkadzitama kuti ife a ku Dedza kuzizira tinabadwa nako. Tinanama. Kuzizira kwa kwathu n'kouma, ukaotha moto kumakusiya. Kwa kumeneko kumalowa m'bulangete n'kumanga momwemo. Ine ndi Fabiyano tinkagona pa matiresi amodzi, wina mutu uku wina mutu uko. Jekete yooneka bwino inali imodzi, ndipo ankaivala amene akukafunsira ntchito tsiku limenelo. Iye anapeza yotsuka magalimoto. Ine ndinapeza ya m'gadeni kwa mayi wina wachizungu wamasiye, amene nyumba yake inali m'munsi mwa phiri, pakati pa mitengo ya paini yonunkhira ngati ya kwathu.

Mwana wa mayiyo, Liza, anali ndi bandi. Analipo anayi: iyeyo woimba ndi kumenya gitala ya mawu akuya ija amati besi, anyamata awiri a magitala, ndi wang'oma wina wonenepa amene ine ndinamupatsa dzina loti Ndevu, pa chifukwa chimene aliyense ankachiona. Ankakumana m'galaja masana. Analibe kampani, analibe bwana wowauza zochita. Ankadzijambula okha ndi makina obwereka, m'makoma a galajayo atakhomamo matiresi akale ndi makatoni a mazira. Nyimbo zawo ankati ndi za roko, koma osati roko wa m'masitediyamu. Wawowo anali wa anthu ovala majuzi obooka dala pamene kuseri kwa nyumba kuli dziwe losambiramo.

Poyamba ndinkawaseka. Ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, kumene woimba amatsegula pakamwa kuti wa benchi yomaliza amve. Liza ankaimba ngati wangodzuka kumene ndipo sakufuna kudzutsa anzake. Anyamata a magitala sankayendera limodzi: wina ankangodontheza timawu toyera tobwerezabwereza, mnzake n'kumakwecha kumbuyo phokoso lokhuthala, lonjenjemera. Ng'oma za Ndevu zinali zouma, ngati akupuntha thumba la nyemba. Ndinakauza Fabiyano kuti ana a abwana anga amaimba nyimbo za anthu odwala malungo, ndipo dzina limenelo linakhala lomwelo.

Koma ukamazula udzu kuseri kwa khoma limodzi chaka chathunthu, zimene zikuchitika m'katimo zimakulowa osagogoda. Nyimbo zimenezi sizikuitana kuti uvine, sizikulalikira, sizikupempha kanthu. Zimangobwera n'kukhala pambali pako. Zimayamba mozemba, timawu toyera tija tikuzungulira malo amodzi, besi ikuyenda pansi ngati munthu wopita kutali wosafulumira. Ukayamba kuiwala kuti ukumvera, magitala onse amaphulika pamodzi, chifuwa n'kudzaza, tsitsi n'kuimirira, kenako zii, n'kutsala mawu a Liza okha, aang'ono, osabisala kuseri kwa chilichonse. Chingerezi chake sindinkachimva chonse, koma ndinkadziwa kuti akuimba za munthu amene wachoka kapena amene watsala, ndipo ine ndinali zonse ziwiri. Nyimbo iliyonse ndinaidziwa isanakhale ndi dzina. Ndinkadziwa malo amene mnyamata wa timawu toyera ankapunthwa masabata atatu, ndipo tsiku limene anakhoza ndinaima ndi khasu m'manja n'kumwetulira ndekha pakati pa maluwa.

Anali ndi khalidwe linanso limene linkandidabwitsa: sankafufuta zolakwa. Mpando ukalira, galu wa madamu akauwa, wina akatsokomola, ankazisiya momwemo. Ndevu anandiuza tsiku lina, akusuta pakhomo pa galaja, kuti timaphokoso timeneti ndi timene timaonetsa kuti m'chipindamo munali anthu amoyo.

Ndiye kunabwera mphepo ya kumeneko, ija imagwetsa ndi anthu omwe pamsewu, n'kuzula paini wamkulu kuseri kwa galaja. Madamu anati aitana amakina adzaudule ukhale nkhuni. Mtima unandiwawa. Mtengo wowongoka chotere, wopanda mfundo, kuusandutsa nkhuni! Pakhonde pawo panali macheka aakulu a anthu awiri, a agogo ake a malemu mwamuna wawo, atawakoleka kukhoma ngati chithunzi. Ndinati, "Madamu, macheka awa inu mumangowayang'ana, ine ndimawadziwa. Ndipatseni Maloweruka awiri, mudzadyera pa tebulo la mtengo wanu womwe." Anavomera akuseka. Ndinakatenga Fabiyano. Ndinamutenga ndine, thikiti ya sitima ndinamugulira ndine, pageti ndinamutsegulira ndine. Zimenezi ndakhala ndikuzibwereza mumtima kambirimbiri.

M'mawa wonse ndinanola mano a macheka ndi tupa, tinamanga thandala pamalo otsetsereka, mzere tinalemba ndi makala a pootchera nyama. Titangokoka kachitatu, matupi athu anakumbuka okha. Fungo la utomoni linandifikitsa kwathu. Fabiyano anaponya mawu, akutukwana paini wachizungu wosadziwa ulemu, ine ndinayankhira m'chifuwa, ndipo macheka anayamba kutsetsereka. Sipanapite nthawi, Ndevu anatuluka m'galaja nkhope itakwinyika, kudzatiuza kuti tikuwasokoneza. Koma atafika pafupi, anayamba kumvetsera. Anaima pamenepo mpaka thabwa loyamba linagwa. Kenako anathamangira m'galaja n'kubwera ndi mamaikolofoni awiri, ina anaikoleka panthambi pafupi ndi Fabiyano, ina anaitsitsa m'dzenje pafupi ndi chifuwa changa. Ndinangoti ndi masewera a ana olemera, n'kupitiriza kukoka.

Patapita masabata, Liza anatipeza tikupala matabwa aja, kope ndi cholembera zili m'manja. Anati kucheka kwathu akuika m'chimbale chawo, ndiye akufuna mayina athu alembedwe bwinobwino. Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa chifukwa chochenjera. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale. Ife opanda mapepala tinali ndi lamulo lathu: dzina lako lisalembedwe paliponse, kaya pa risiti, kaya pa khadi la kuchipatala. Umakhala ndi moyo pokhala wosaoneka.

"Ine musandilembe," ndinatero. "Ine kulibe."

Fabiyano, amene pasipoti yake inali yakufa chimodzimodzi, anatenga cholembera m'manja mwa Liza n'kudzilemba yekha ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwonjezeranso kuti Kaphuka, Dedza, Malawi.

"Iwe Fabi, wapenga?" ndinamunong'oneza m'Chichewa. "Akutola."

"Akulu, apolisi ake ati amene amagula nyimbo za malungozi?" anayankha choncho.

Chimbale chinatuluka ndi nyimbo khumi. Liza anandipatsa changa pageti, akumwetulira ngati akundipatsa mphatso ya Khirisimasi. Pachikuto panali chithunzi chimene Ndevu anajambula tsiku lija atagona chagada paudzu. Fabiyano waima pa chipika, miyendo atatangadza, malaya akuuluka, kumbuyo kwake thambo lokhalokha. Munthu ukanati ndi mwini phiri. Pansi penipeni pa chithunzicho, mumdima wa dzenje, panali manja awiri atagwira chigwiriro cha macheka. Opanda mutu, opanda mwini. Ameneyo ndiye ndinali ine.

Ndinachimvera m'kachipinda kosungiramo makasu, pa wailesi yakale ya madamu. Nyimbo zisanu ndi imodzi zoyamba zinandilandira ngati abale. Kenako inayamba ya nambala seveni. Munalibe ng'oma, macheka ndiwo anali ng'oma. Anakoka kanayi okha, pansi pake chifuwa changa chikudumira, besi ya Liza n'kubwera kudzagona pa liwu langa lomwelo mpaka osadziwikanso kuti munthu ndi uti, waya ndi uti. Ndiyeno Fabiyano analowa, mawu ake akuthwa, oyera, magitala akumutsegulira njira mbali zonse ziwiri. Inali yokoma kuposa nyimbo zonse za m'chimbalecho, ndipo chimenechi n'chimene chinandipweteka. Ndinazimitsa isanafike ndi pakati pomwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ikatha ya nambala sikisi, chala chinkadumphira chokha pa eyiti. Nambala seveni sindinaimverepo mpaka kumapeto.

Chimene chinkandiotcha kwambiri n'choti Fabiyano chimbalecho sanachikonde n'komwe. Nyimbo zinazo sanazimverepo ndi imodzi yomwe. Anangotenga yakeyo n'kuitumiza pafoni kwa aliyense wa ku Kaphuka amene anali ndi nambala yake. Lamlungu lotsatira ndinaimbira Nambewe, ndipo asanayankhe moni ndinamva macheka akulira kumbuyo kwake, m'nyumba mwanga.

"Bambo a Teleza, nyimbo ya a Fabiyano yafika kuno," anatero. "Pagolosale akungoiika tsiku lonse."

"Si ya Fabiyano."

"Nanga ndi ya yani? Dzina ndi lawo, chithunzi ndi chawo."

Ndikanatha kumuuza pomwepo. Koma ndinafuna azindikire yekha. Mkazi amene wagona pachifuwa chimenechi zaka zonsezi, ndichite kumuuza kuti ndi changa? Ndinangoti, "Ndi ya azungu."

"Kaya ndi ya yani, ine yandigwira mtima. Ndawapempha anditumizire chimbale chonse. Zinazo n'zabwinonso, zimakhala ngati munthu akukulankhula chapansipansi. Koma ya seveniyi ndimaimvera m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda."

Ndinanamizira kuti mayunitsi atha. Tsiku limenelo nsanje inandilowa ndithu, ya mtundu uja umadzuka nayo n'kupita nayo kuntchito. Fabiyano akamasamba kuseri kwa kanyumba kathu akuimba, ndinkamuyang'ana khosi lake n'kumadzifunsa kuti mkazi wanga wapezamo chiyani.

Ana a m'galaja anakonza zokaimba chimbale chawo pagulu, Lamlungu masana, pabwalo la fakitale yakale pamene pankachitika msika. Liza anatipempha tonse awiri kuti tikakwere nawo pansanja. Ndinakana, ndinati pagulu sipalephera apolisi. Chifukwa chenicheni chinali choti sindinafune kukaimirira m'munsi mwa dzina la munthu wina. Komabe ndinapita, n'kukaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi mpanda, chipewa chili m'maso. Anthu analipo mwina odzaza tchalitchi chathu, atagwira makapu a khofi, akugwedeza mitu osavina. Nyimbo zinamveka bwino kuposa m'galaja, ndipo ndinanyadira ngati ndinazilera ndine.

Itakwana ya seveni, Fabiyano anakwera atavala jekete yathu ija. Macheka panalibe, wapansi panalibe; anati besi ya Liza igwira malo anga. Anayamba bwino, anthu anakuwa. Koma Fabiyano moyo wake wonse nthawi ankaitengera m'dzenje, ndipo waya sapuma ngati munthu. Mzere wachitatu anayamba kuthamanga. Wachinayi anawasiya onse kumbuyo. Anyamata a magitala anayang'anana, Ndevu anayesa kumugwira ndi ng'oma, zinakanika. Fabiyano anayamba kutuluka thukuta, maso akusakasaka m'gulumo mpaka anandipeza. Anakuwa pa maikolofoni, m'Chichewa chathu, "Akulu, kokani!"

Azungu anaganiza kuti ndi mbali ya nyimbo, anaombera m'manja. Ine ndinamva. Liwu lija linali litafika kale pakhosi, lokha, monga linkachitira nthawi zonse. Ndinalimeza. Ndinapinda manja n'kumamuyang'ana akumira mpaka nyimbo inathera panjira. Ndisaname, ndinakondwa. Chimwemwe chake chinali chowawa, koma ndinachimva kukoma mpaka kusiteshoni.

Tinabwerera pa sitima imodzi. Titatsika, akuyang'ana kutsogolo, anangoti, "Akulu, mwandisiya pamwamba ndekha." M'phiri muja, wapansi akasiya macheka mwadzidzidzi, wapamwamba amagwa chagada kuchoka pa thandala, ndipo ena anathyoka msana motero. Zaka zonse zimene tinacheka limodzi ndinali ndisanamusiyepo, ngakhale tsiku limene mavu anandiluma m'dzenje. Sabata lomwelo Fabiyano anasamukira kwa anzake ena kutali. Jekete anaisiya pa matiresi, ataipinda bwinobwino. Mpaka lero ali konko, ndimamva kuti amayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya, ndipo sitinalankhulanenso.

Bandi nayo sinakhalitse. Chimbale sichinawalemeretse, Liza anapita kunja kukaphunzira, Ndevu anameta n'kuyamba ntchito ya muofesi, m'galaja munabwerera galimoto. Ine ndinatsala ndi maluwa a madamu ndi nyimbo zisanu ndi zinayi. Ndinatumiza malata kwathu, ndinatumiza simenti, ndinatumiza yunifolomu ya Teleza. Foni ya Lamlungu inafupika mpaka inangokhala ya mitengo ya feteleza. Kuimba ndinasiya, kuseka sindikudziwa kuti kunatha liti. Chinyontho cha m'kanyumba ka malata chitandikhala m'chifuwa, ndinamanga katundu n'kukwera basi.

Nambewe amene ndinamupeza sanali uja wa jumbo ya mbatatesi yophika. Anali atasanduka mayi wa geni, wogula mbatatesi kwa alimi a ku Kaphuka n'kukagulitsa kwa amalole kumsewu waukulu, wodziwa kukalipira madalaivala osaphethira. Teleza, amene tsopano anali kusekondale, anandipatsa moni atagwada ngati ndine mlendo wa abambo ake. Pagolosale aliyense ankandigwira dzanja n'kufunsa funso limodzi: "A Fabiyano mwawasiya bwanji? Akuimbabe?" Ndipo kunyumba, Nambewe akakhala pansi kusankha mbatatesi, ankaika mahedifoni oyera m'makutu, nkhope yake n'kufewa mwa mtundu umene sinkafewera akamayang'ana ine. Ndinalunda miyezi inayi. Ndinkadya chamumtima, kuyankha ndi mutu, kukhala pakhonde ngati thumba loiwalidwa.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba phiri, tinali pakhonde tikusankha mbewu, yophuka uku yowola uko. Kuchokera m'mahedifoni ake ndinamva kaphokoso kakang'ono kamene sindingakasokoneze ndi kalikonse: macheka. Anali atatsinzina pang'ono, manja ataima pamwamba pa dengu. Ndinaitsomphola foniyo pachitenje pake, mahedifoni n'kusololoka.

"Nambewe, zaka zonsezi simunatope naye? Ngati mumamufuna Fabiyano wanuyo nenani, basi ya ku Joni imanyamuka tsiku lililonse. Lero ndiifufuta nyimbo imeneyi."

Sanadzidzimuke. Anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana monga amayang'anira dalaivala wofuna kumubera thumba.

"Fufutani, foni munagula ndinu. Koma ndikufunseni kaye, bambo a Teleza. Munayamba mwaimverapo mpaka kumapeto?"

Ndinatembenuza foniyo m'manja mwanga.

"Ndimadziwa. Bweretsani kuno."

Anakoka kamzere ka pafoni ndi chala chakuda ndi dothi mpaka chakumapeto, n'kukweza mawu. Magitala anali akuzima mmodzimmodzi. Mawu a Fabiyano anatha. Besi inatha. Kunatsala macheka ndi chifuwa cha munthu mmodzi, chokha, chopanda chochiphimba, chikukoka katatu. Thabwa linagwa. Wina anatsokomola, analavula utuchi, n'kukuwa kuti, "Iwe Fabi, wakhotetsa mzere, thabwa ili akadyerapo agogo ako!" Ndiyeno munthuyo anaseka. Anaseka ndi mimba yonse, mpaka maikolofoni inachita kulira, ndipo ana a m'galaja aja, monga mwa khalidwe lawo, sanafufute.

"A Fabiyano amaimba ngati aliyense wa kwaya," Nambewe anatero. "Ine ndimawapirira mphindi zinayi kuti ndifike apa."

"Ndiye munkadziwa?"

"Macheka atangokoka koyamba. Ndi manja aja pachikuto, chipsera cha pachala chachikulu ndinachimanga ndine nsanza. Koma a Fabiyano anandiuza kuti mwabisa dzina kuopa kugwidwa. Ndikanalengeza pagolosale? Ndinakupatsani mpata pafoni kuti munene nokha, inu n'kuti ndi ya azungu."

Manyazi ndi chimwemwe zinandigwira pamodzi, ndinatsala pang'ono kumugwira dzanja. Ndinati, "Chabwino, ndamva. Koma panopa ndabwera. Ndili pano. Mukumveranso za chiyani?"

Anatola mbatatesi imodzi, anaitembenuza, anaiponya ku zowola.

"Munthu uyu ndi amene ndinamuperekeza paboda," anatero, akuloza foni ndi chibwano. "Amene anatsika basi uja sindinamumvepo akuseka. Ndibwezereni foni yanga."

Ndinamubwezera. Anaika mahedifoni m'makutu n'kubweza nyimbo poyambira.

Ndinkaganiza kuti ndikudziwa nsanje. Ya Fabiyano inali yopepuka, chifukwa Fabiyano ndikanatha kumunena, kumunyoza, kumusiya amire pansanja. Uyu wa m'dzenjeyu sindingamuchite kanthu. Sakalamba, chifuwa chake n'chabwino, sanasiyepo mnzake pamwamba yekha, ndipo m'mawa uliwonse amaseka m'makutu mwa mkazi wanga ine ndili chapafupi pomwepo. Tsopano nambala seveni ndimaimvera mpaka kumapeto Nambewe akapita kumsewu, ndipo nthawi iliyonse munthu ameneyo akaseka ndimamuda pang'ono.

Dzulo tinkakweza matumba pangolo. Ndinagwira makutu a thumba, ndinawerama, ndipo pokoka ndinayesa kutulutsa liwu lija milomo ili chitsekere. Linatuluka lopyapyala, lathengo, n'kuthera m'chifuwa chotsokomola. Ndinayesanso pa thumba lachiwiri. Nambewe sanandiyang'ane. Anangochotsa hedifoni ya khutu limodzi, la mbali yanga, n'kupitiriza kusoka thumba.